Makiyi a Chipinda cha Kuseri

Loweruka, 17 Meyi

Chipinda cha kuseri chatha. Lero tapaka penti komaliza, ine m'munsi, Ababa m'mwamba. Manja akununkhabe.

Sindikukhulupirirabe. Chibadwire changa takhala tikuchita lendi kuseri kwa nyumba za eni kuno ku Tembisa, ku Joni. Chipinda chimodzi, bedi la makolo uko, matiresi anga kuno, pakati nsalu ya maluwa achikasu pa waya. Chaka chatha Ababa ndi Amayi anagula kanyumba kano, ine n'kupeza chipinda changachanga, cha chitseko chenicheni. Lero ifenso tili ndi chochititsa lendi. Mayi a pa sipaza, kagolosale ka pafupi, awaseka Ababa kuti tsopano ndi amastandi, dzina lomwe tinkaitanira eni nyumba athu. Ababa anangoyang'ana pansi, mano onse pamtunda.

Amayi akuti chipindachi chidzabereka chinzake. Lendi yake tizigulira njerwa pang'onopang'ono mpaka chachiwiri chiime pafupi ndi mpopi. Malowo anayeza kale ndi mapazi.

Ababa anandiuza kuti ndiwajambule ali pakhomo, makiyi atawakweza m'mwamba. Alhamdulillah.

Lolemba, 19 Meyi

Wolowa wapezeka. Ndi a Miracle, mayi wa ku Thyolo, amalandira odwala pa kiliniki ya mano ku Kempton Park. Ndimawaonera pawindo. Penti wathu sanamuyang'ane n'komwe. Anatsegula mpopi, anayesa loko, anayang'ana m'denga, kenako anafunsa ngati mita ya magetsi ndi yawoyawo. Amayi anati inde, ifenso tinatopa nazo zolimbirana magetsi ndi eni nyumba.

Komwe akukhala pano akuti mwana wa mwini nyumba ali ndi kiyi wake, amalowa iwo ali kuntchito. Mawa akatsanzika kumeneko, kuno alowa kumapeto kwa mwezi. Anagwirana chanza ndi Ababa.

Lachitatu, 21 Meyi

Chithunzi chija.

Ababa anachiponya pa gulu la WhatsApp la akumudzi. Lero Azakhali a ku Ntaja, mlongo wawo wa Ababa, atumiza uthenga wa mawu. Ababa anautsegula tikudya, mokweza, poganiza kuti ndi mafuno abwino.

"Achimwene, Mulungu ndi wamkulu. Ndiye kuti Khalidi wapeza pogona. Basi akwera Lachiwiri."

Khalidi ndi mwana wawo woyamba, msuweni wanga. Ndinamuona kamodzi ndili wamng'ono, sindikumukumbuka.

Amayi anaika supuni pansi. Ababa anaumvetseranso uthengawo, ngati mwina mawu asintha.

Lachinayi, 22 Meyi

Nyumba ili zii. Amayi akukwecha mapoto oyera kale.

Lachisanu, 23 Meyi

Pobwera kusukulu ndinawapeza akukambirana kukhitchini. Ndinalowa kwanga, koma khoma lake ndi lopyapyala.

Ababa akuti iwo ndi mwini mbumba, ana a mlongo wawo ali m'manja mwawo. Sangamuuze mwanayo kuti kulibe malo chipinda chonse anthu atachiona, ndipo malume salipiritsa lendi mwana wa mlongo wake. Kumudzi anganene kuti Joni yawazunguza mutu. Iwonso atangofika, amalume awo ndi amene anawagoneka ku Brakpan, chaka chathunthu, osawafunsa kanthu.

Amayi akuti mwanayo sakumukana. Koma a Miracle atsanzika kale kwawo kuja, tikawabweza akagona kuti? Ndiponso aonapo kwa anzawo ambiri: m'bale akalowa m'chipinda cha lendi, pochoka amasiyamo m'bale wina, ndiye kuti chachiwiri chija tiiwale. Anati maso awo athera pa makina osokera chifukwa cha chipinda chimenechi.

Onse akunena zoona. Chikundipweteka n'chimenecho.

Palibe amene watchula chipinda changa. Ndikudziwa kuti onse awiri achiganizira. Ababa dzulo anaima pakhomo panga, n'kuyang'ana pansi pomwe pali mpata, kenako anangondifunsa za mayeso.

Lamulungu, 25 Meyi

Tsiku lonse ndinadzitsekera. Tebulo langa, lomwe Ababa anapanga ndi chitseko chakale. Windo lomwe ndimaonerapo ndege zikutsikira ku eyapoti. Kusukulu ndimadya ndekha kuseri kwa laibulale ndipo sizindivuta, chifukwa ndimadziwa kuti ndikabwera kuno nditseka chitseko, palibe wondifunsa chifukwa chake sindiyankhula.

Madzulo ndinayeza ndi mapazi ngati Amayi. Tebulo likasunthira kuwindo, matiresi ena akwana. Ndinayezanso, ndikufuna kuti asakwane. Anakwana.

Ndinawauza akumwa tiyi.

"Khalidi azigona kwa ine."

Ababa anafunsa za mayeso, ndinati ndiziwerenga. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nasiru, palibe wakutuma. Ukudziwa eti?"

"Ndikudziwa."

Ndinatuluka msanga ndisanasinthe maganizo. Ndinakakhala kuseri kwa chipinda chatsopano, pomwe dzuwa limatsalira. Patapita kanthawi Ababa anabwera, anakhala pa ndowa pafupi nane. Anandisendera nachesi.

Lolemba, 26 Meyi

Ababa awaimbira Azakhali. Anayamba ndi za mvula, za mpunga, za odwala onse a ku Ntaja, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ino. Atafika pa nkhani, Azakhali anafunsa ngati mayi wa ku Thyoloyo ndi m'bale kuposa mwana wawo.

Ababa anatseka maso. "Achemwali, panja paja ndi pa anthu achilendo. Mwana wanu agona m'nyumba mwanga mwenimweni, chipinda chimodzi ndi mwana wanga, mbale imodzi."

Azakhali anapumira m'mwamba, n'kuyamba kuwadalitsa. Foni itatha, Amayi anaseka koyamba sabata yonseyi. Anati sankadziwa kuti anakwatiwa ndi loya.

Lachinayi, 29 Meyi

Khalidi wafika. Wamtali, wowonda, kajekete kopyapyala, mano akugundana ndi chisanu koma pakamwa osapuma. Wabweretsa mpunga, nandolo ndi matemba, chikwama chonse fungo lokhalokha, ndipo chikwamacho chili m'chipinda changa.

Nditamupatsa moni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asuweni, Chichewa chimenechi munagula pa sipaza? Akubwezereni chenje."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Amayi akuti ndi mmene asuweni amachitira, ndimubwezere. Ndilibe chomubwezera.

Wagwira kale chilichonse. Mabuku, chaja, kampasi yanga. Wandifunsa ngati ndili ndi chibwenzi, ngati ndege zija zimagwa, ngati ndimadwala kapena ndinangobadwa chonchi.

Lachisanu, 30 Meyi

Amaliza mkonono. Ndanong'oneza bondo pang'ono. Ayi, osati pang'ono.

Loweruka, 31 Meyi

A Miracle alowa. Katundu anabwera pa kagalimoto ka hayala. K. anasenza bedi yekha, akuimba, barefuti pa simenti yozizira. Ndamupatsa masokosi anga.

Loko lija lili ndi makiyi awiri. Ababa ankafuna kusunga mmodzi, akuti amastandi onse amatero. Amayi anawatenga onse m'manja mwawo n'kuwapatsa a Miracle. Anati chikaonongeka tidzagogoda. A Miracle anawafumbata makiyiwo. Kenako anapempha tsache, ngakhale ndinali nditasesa kale.

Masana ndinaona Amayi akuyendanso pafupi ndi mpopi, phazi kutsogolo kwa phazi. K. anawatsatira, nayenso akuyeza. Kumudzi akuti ankathandiza amisiri, kuyala njerwa amatha. Wauza Ababa kuti chachiwiricho asadzalembe munthu, adzamanga iye Loweruka ndi Lamulungu, bola ine ndizimupondera matope. Ndinati kuno timamangira simenti. Anati ndiye ndizimupondera simenti.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Anandiona.

Madzulo pawindo la kuseri panali patapachikidwa kale nsalu yobiriwira, mkati wailesi ikuimba motsitsa. Ababa anaima pakhomo la khitchini kuyang'ana kumeneko mpaka tiyi anawazizirira.

Lolemba, 2 Juni

Mawa mayeso a Sayansi. Ndinabwera ndikuganiza zokawerengera ku khitchini.

Nditatsegula chitseko ndinapeza waya kuchoka kuwindo kufika kukhoma, ndipo pa wayapo nsalu ya maluwa achikasu. Yomwe ija. Sindinkadziwa kuti Amayi anaisunga. Pakona pake pakadali bowo lomwe ndinkasuzumirapo ndili mwana. Akuti K. anawafunsa m'mawa kuti kodi ndamulakwira chiyani mwanayu, iwo n'kumufotokozera, n'kutsegula sutikesi.

Tebulo lili mbali yanga, windo lonse mbali yanga. Chikwama cha matemba chapita kukhitchini.

Kuseri kwa nsalu kunamveka mawu. "Werengani, adokotala. Ine kuno kulibe."

Ndipo anakhaladi chete. Ndinawerenga tsamba limodzi, lachiwiri. Ndege inadutsa, iye osafunsa kanthu. Ndinkangoona mapazi ake pansi pa nsalu, m'masokosi anga, zala zikuvinavina. Munthu akuvutika.

Ndinakoka nsaluyo pang'ono n'kumupatsira buku.

"Asuweni, tandifunsani mafunso awa. Ngati Chingerezi chake simunasiye pa boda."

Anadzuka n'kukhala tsonga, akumwetulira. Wayamba ndi funso lomaliza.