Penti Wofiira wa Bambo

Lom, 9 Juni

Okondedwa achimwene a Eilif,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chipale chofewa chasungunuka, nkhosa takweza kale kuphiri.

Mwafunsa njira yabwino yoyenda ndi Bambo kuphiri tsiku limodzi mukabwera mu Julaye. Ya pamwamba pa phiri la Besseggen iwalani, ngakhale Bambo aumirire. Mudzatenge yam'munsi ija, ya m'mbali mwa nyanja ya Gjende.

Bambo akudya bwino. Koma Lachiwiri anatenga chitini cha penti wofiira, uja ankapaka pamiyala yolozera njira, n'kulowera kuphiri osatsanzika. A Halvor, aneba athu, anakawapeza akuunjika miyala yatsopano n'kumaipaka. Miyalayo inkapatuka panjira kulunjika kuphompho, kumtunda kwa khola lakale la Amayi.

"Akulu, mukufuna muphe alendo?" anatero a Halvor.

"Tachokani apa inu," Bambo anawakalipira. "Mkazi wanga wachedwa ndi mbuzi. Nkhungu ikagwa atsika bwanji?"

Chikhalirecho Lamlungu anathirira okha maluwa pamanda a Amayi.

Miyalayo ndakagumula ndekha, manja onse psuu, ndipo pentiyo ndabisa. Dokotala wanena zake, koma si za m'kalata. Paja inu patelefoni mumangofuna kumva kuti Bambo ali bwino.

Mukabwera musadzawafunse njira. Mukudziwa kuti chibadwire sanayendepo pambuyo pa munthu kuphiri. Mudzapeze nzeru yoti mutsogole ndinu, iwo osazindikira. Ine ndayesa, zandikanika.

Ndine mlongo wanu,
Ragnhild