Galimoto Yalanda Bafa

Lachinayi, 6 Juni

Shinpei waimba foni. Akubwera Lamulungu la sabata yamawa, ndipo sakubwera yekha. Ndi mtsikana, dzina lake Chisato. Ndinangokhala pansi pomwepo m'khitchini, chipande chili m'manja. Mwana wanga yekhayo, imvi zayamba kale m'mbali mwa makutumu, lero akuti, "Amayi, pali munthu ndikufuna mumuone." Ndinafunsa ngati ndi munthu weniweni, wopuma mpweya. Anadula foni.

Ndawauza bambo ake. Osafunsa n'komwe kuti mtsikanayo kwawo n'kuti. Iwo: "Ndiye ndikawatenga ku siteshoni pa galimoto yanga."

Galimoto yawo! Chigalimoto chija anagula mwezi watha kwa ogulitsa zakale a pa msewu wa ku Kitakata, cha zitseko ziwiri, chobiriwira ngati tiyi wogona. Kunja sikoipa. M'kati ndiye mayo. Matabwa a m'zitseko anasupuka, mutu wa giya unayera ngati fupa, ndipo pomwe mwini wake wakale ankatsamiritsa chigongono panatsala kadzenje. Chipumireni ntchito amuna angawa, a Tatsuo, manja awo amangoyendayenda m'nyumba muno kufuna chowononga.

Ndawakumbutsa za mtsikana woyamba uja anabwera naye Shinpei kalekale, yemwe anamukhazika masana onse akumuonetsa mbedza zawo za nsomba, imodziimodzi, dzina lake ndi mbiri yake. Sanabwerenso. Ndawauza kuti uyu akathawa, ine ndithawa naye limodzi.

Loweruka, 8 Juni

Ayamba. Ndadzuka galimoto ili maliseche. Zikuto za m'zitseko, matabwa, zogwirira, zopukusira magalasi, zonse andanda pa nyuzipepala m'khonde mwanga. Tsiku lonse kwee kwee ndi sandipepala. Fumbi mpaka mu mpunga.

Pochotsa chikuto cha chitseko cha dalaivala china chake chinalira kuti thapu m'katimo. Chitsekocho sichikutsegukanso, kunja ngakhale m'kati. Tsopano akulowera mbali inayo n'kudumpha giya, matako m'mwamba, munthu wamkulu wolandira penshoni.

"N'zazing'ono izi, Mayi. Kawaya chabe."

Kawaya chabe. Ndalemba kuti ndisaiwale yemwe ananena.

Lolemba, 10 Juni

Ndimaganiza kuti agula vanishi ku sitolo, apake, tipume. Ayi. Apita kwa a Hoshi, mnzawo wa kusukulu uja amapaka mbale zamatabwa, n'kubwerako ndi utomoni wosaphika wa mtengo wa urushi m'kachubu, akuunyamula ngati khanda.

"Vanishi wa m'sitolo ndi wa anthu opanda kwawo. Ife ndife a ku Aizu, kwawo kwa urushi. Mtsikana wa ku Tokyo akalowa m'galimoto imeneyi adziwe kuti wafika pati."

Ndati adziwa ndithu.

A Hoshi akuti anawachenjeza kuti avale magolovesi, malaya a manja aatali, asadzigwire kumaso. Abambowa akuti iwo utomoni suwayabwa, uli m'magazi, agogo awo anali opaka mbale. Agogo awo ndinawaona ine ndi maso angawa. Ankagulitsa tofu, chakudya cha soya chija, pa njinga.

Mvula yayamba madzulo ano. Akuti yabwerera iwo.

Lachiwiri, 11 Juni

Bafa langa lapita.

Mwana aliyense wa m'tauni muno amadziwa kuti urushi suuma pouma, umafuna chinyezi ndi kutentha. A Hoshi ali ndi kabati yake ya nsalu zonyowa. A Tatsuo alibe kabati. Ali ndi mkazi wopusa amene anapita kukagula ndiwo.

Ndabwera ndapeza m'bafa athiramo madzi otentha pang'ono pansi, apingasa matabwa pamwamba, ndipo zidutswa za galimoto zagona pamenepo mwaulemu, zonyezimira, nthunzi ili tolotolo. Chitseko amata ndi tepi.

"Bambo, ine ndisamba kuti?"

"Musafuule, Mayi, mudzutsa fumbi."

"Ndati ndisamba kuti?"

"Pa sinki. Ndi masiku ochepa. Pa nkhondo anthu ankatani?"

Iwo anabadwa nkhondo itatha kalekale. Chikwatiwire ine sindinagonepo osaviika thupi m'madzi otentha, ngakhale tsiku lomwe apongozi anamwalira. Lero ndadzipukuta ndi kathawulo nditaimirira pafupi ndi mapoto.

Lachitatu, 12 Juni

Galimoto yasamba. Ine ayi.

Lachinayi, 13 Juni

Zandikwana. Ndatenga beseni ndi sopo, ulendo ku bafa la anthu onse lija la kuseri kwa kachisi. Ndinali ndisanapiteko chibadwire Shinpei. Madzi ake abwino, ndisaname. Koma ndangoti ndilowe, mawu m'nthunzi: "Aa! Si mayi ake a Shin awa? Bafa lanu lafa?"

Mayi Igarashi, a kutsidya kwa msewu wathu. Zidzukulu zawo amazitchula ngati mapemphero.

Ndati tikukonzetsa. Iwo ati amva kuti mukusamba galimoto. Tauni ino! Kenako atsitsa mawu, koma motsitsa mwake moti ndi a kumbali ya amuna omwe anamva: "Ndamvanso kuti mnyamata wapeza munthu. Mumugwire ndi manja awiri, anzanga. Pa msinkhu umenewo basi ikadutsa, ina kulibe."

Ndinaseka nawo. Koma ndinamira mpaka m'chibwano kuti asaone nkhope yanga, chifukwa zomwe ananenazo ndi zomwe zimandisowetsa tulo. Shinpei ndi mwana wabwino. Wofatsa mopitirira, basi. Amadya yekha m'kachipinda kake ku Tokyo, ndipo ndikamufunsa amati "Ndazolowera." Mawu amenewo ndimadana nawo.

Kunyumba ndapeza apaka kachiwiri. Akudya akudzikanda pakhosi. Akuti ndi udzudzu.

Lachisanu, 14 Juni

Udzudzu wake ndiye waukulu.

M'mawa ndatembenuka, ndapeza pambali panga pagona munthu wosamudziwa. Nkhope yatupa ngati mkate, maso atsala timizere, makutu ofiira psuu. Manja, khosi, pamimba. Zikuonekanso kuti dzulo anapita kuchimbudzi osasamba m'manja, ndipo zotsatira zake sindilemba m'buku lino. Akuyenda ngati akwera hatchi yosaoneka.

Ndati, "Moni, mdzukulu wa opaka mbale." Sanayankhe. Milomo sikulola. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Adokotala awapatsa mafuta opaka ndi mapiritsi, ndipo ati kutupako sikutha sabata ino.

Masana kwabwera a Hoshi kudzazonda. Angowaona, akhala pansi pakhomo, kuseka mpaka kutsokomola. "Tatsu, iwe! Ndinakupatsa kuti upake galimoto, osati nkhope!" Atapukuta misozi analowa m'bafa muja, anauzira mpweya pa thabwa limodzi, napukusa mutu. Akuti abambowa apaka mokhuthala, pamwamba pagwira koma m'kati mudakali mwamadzi. Aliyense wotsamirapo mkono pano atupa chimodzimodzi.

Nanenso ndinasuzumira, koyamba kuchokera Lachiwiri lija. Ndisabise, n'zokongola. Matabwa aja anali ngati a khola, pano akuda mofiirira, akuya, mizere yake ikuonekera pansi ngati miyala ya mumtsinje. Zinandikwiyitsa kwambiri kuti n'zokongola.

A Hoshi atapita, abambowa anakhala pa mpando nsalu yonyowa ili kumaso, n'kuyankhula m'nsalumo. "Mtsikana woyamba uja ndinamuthamangitsa ndine, ndikudziwa. Pakamwa panga sipatha kulandira alendo. Ndimati uyu ndisamuuze kanthu, angoona yekha kuti kwa Shinpei kuli anthu osamala zinthu."

Ndinawasinthira nsalu. Sindinawakhululukire, koma ndinawasinthira nsalu.

Loweruka, 15 Juni

Nkhondo kuyambira m'mawa. Iwo akuti abwezeretse zonse m'galimoto, angoyala mathawulo pamwamba. Ine ndati thabwa limodzi lokha likatuluka m'bafamo, ndiliwotcha, iwo ndiwaike pamwamba. Mwana wa eni abwere kudzaona apongozi, abwerere kwawo atatupa ngati chule?

Ndati tiitane takisi. Akuti mlendo wotere kumutumizira takisi ndiye kuti pakhomo pano palibe mwamuna. Ndati alipo, koma sakuoneka bwino.

Tagwirizana chonchi. Apita ndi galimoto momwe ililimu, zitsulo zili poyera. Avala chophimba kukamwa, magalasi akuda, chipewa ndi magolovesi. Ku siteshoni satsika. Sanena chilichonse chokhudza galimoto, utomoni, kapena nsomba. Galasi likafunika kutsitsa ali ndi chopanira m'thumba, poti zopukusira zili m'bafa. Ndinawayesa, atavala zonse. Akuoneka ngati munthu wopita kukaba ku banki, koma bola.

Ndaviika nkhono zouma za m'nyanja zophikira kozuyu, msuzi wathu wa pa zikondwerero, ndatulutsa mbale zofiira za ukwati wathu, ndakolopa paliponse kupatula kumene kukukhala eni nyumba atsopano. Ndasita diresi la imvi lija. Ndapambana mkangano, koma kupambanako sikukundithandiza. Ndikuopa. Ndikuopa kuti mawa mtsikanayo amwetulira mwaulemu tsiku lonse, athokoze chakudya, akwere sitima, basi osamvanso za iye.

Lamulungu, 16 Juni

Ndilembe manja asanaiwale.

Mvula tsiku lonse. Ndinaima pakhomo ndi ambulera, mawu olonjera nditawaloweza bwinobwino. Galimoto inafika, inaima. Palibe wotsika. Magalasi onse nthunzi, m'kati ndikungoona mitu itatu ikugwedezeka. Ndinakoka chitseko cha mlendo. Gwa! Ndinakokanso. Gwa!

Kenako kwii, kwii, kwii, galasi likutsika pang'onopang'ono, abambowa atagona pamiyendo ya mlendo ndi chopanira chawo. Mawu a Shinpei kuchokera kumbuyo, mawondo ali m'chibwano: "Amayi, potseka ku siteshoni china chake chinalira kuti thapu."

Kawaya kachiwiri.

Ndipo nkhope inatulukira. Yozungulira, tsitsi lalifupi, osati mwana kwenikweni, timizere ta kuseka tili m'mbali mwa maso. Anawerama ali chikhalire mpaka chipumi chinagunda chitsulo cha chitseko. "Ndine Chisato. Pepani kuti ndikukulonjerani nditakhala pansi." Ananditambasulira bokosi la makeke ndi manja awiri kudzera pawindo. Inenso ndinawerama, ambulera inakhuthulira madzi onse m'khosi mwanga. Mawu ndinaloweza aja anauluka. Kutsidya kwa msewu katani ya Mayi Igarashi inagwedezeka.

Abambowa ati aimbira amakaniko. Lamulungu. Shinpei ati, "Tingodikira." Mwana ameneyu akhoza kudikira mpaka kufa. Ndinaona tsiku lonse likugwa pamaso panga, msuzi ukuzizira m'nyumba, mlendo atatsekeredwa m'chitini ndi wakuba wotupa. Misozi inayamba kubwera, ya ukali.

Mtsikana anandiyang'ana. Kenako anawerama, anavula nsapato, anazilunjika bwinobwino n'kundipatsira. "Ndisadetse mpando wa abambo," anatero. Anakwinya siketi, mutu panja, mapewa panja. Pachiuno anakanirira.

"Shinpei, kankha!"

"Ndikankhe pati?"

"Paliponse, iwe!"

Anatambasula manja onse awiri kwa ine, mvula ikumumenya kumaso. "Amayi, ndikokeni!"

Ndinataya ambulera, makeke, nsapato. Ndinamugwira m'khwapa n'kukoka ndi mphamvu zomwe sindimadziwa kuti ndili nazo. Anatuluka ngati chivindikiro cha botolo, tonse awiri chagada m'maluwa a pakhomo, iye pamwamba, ine pansi, matope mpaka m'makutu. Ndinamva thupi lake likunjenjemera, ndinati basi, akulira, zatha. Kumuyang'ana, akuseka mosatulutsa mawu, mpweya ukumuthera. "Njira yonse," akutero, "njira yonse abambo sananene kanthu. Amangoloza pomwe panali matabwa n'kupukusa mutu."

Anapempha ngati angasambe. Ndinayang'ana kunyumba. Ndinayang'ana galimoto, nkhope ziwiri zili pawindo, ina yotupa, ina yofatsa, ndipo palibe mwa iwo angakwane pamenepo. Ndinalowa, ndinatenga mabeseni awiri, mathawulo ndi zovala zanga zouma.

"Mayi, nanga ife?"

"Musafuule, Bambo," ndinatero. "Taonani chinyezi chili m'menemo. Muuma bwino."

Tinapita pa ambulera imodzi, iye atandikoloweka mkono. Ku bafa kuja kunalibe anthu ambiri. Ndinakhala pa kampando ndikuchotsa matope m'tsitsi, ndipo ndinangomva wakoka kampando kake kumbuyo kwanga. "Ndikukhuleni kumsana." Osati kufunsa. Manja ake ndi amphamvu. Ndinaweramitsa mutu, madzi akutsika kumaso, ndipo ndinathokoza kuti m'bafa palibe amadziwa kuti awa ndi madzi ati.

Titamira m'madzi otentha mpaka m'khosi anatseka maso, n'kufunsa, "Amayi, aja tikawatulutse nthawi yanji?"

Ndinati madzi adakali otentha.