Mchombo wa Kaulana

Ewa, Oahu
Disembala 1887

Okondedwa amalume Nakoa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kohalako, ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tilipo. Mkazi wanga Luika wachira, mwana wamkazi, tamutcha Kaulana. Amayamwa osapuma, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni, pepani.

Mchombo wake unagwa sabata yatha. Ndinaukulunga m'kansalu, ndikuyenda nawo m'thumba. Luika akuti, "Bambo a Kaulana, khoswe akadya umenewo mwana adzakhala wakuba, ndipo ndidzati watengera kwanu!" Ndimaseka, koma sindinakaubisebe.

Mukukumbuka mng'alu wa thanthwe lija ku doko la Puuloa, momwe munabisa mchombo wanga pafupi ndi wa amayi. Tsopano akuti mfumu yapereka dokolo kwa Aamerika, kuti shuga wa kuno azilowabe kwawo popanda msonkho. Kale anthuwa ankangobwera kudzagula, lero akufuna poimika sitima zankhondo. Ine nzimbe ndilibe, ndimalima koko basi, ndipo za mapangano sindizidziwa. Palibe watithamangitsa, thanthwe likadalipo. Koma anthu akafuna kumanga doko, amayamba n'kuswa miyala, si choncho?

Luika sindinamuuze. Akuyesa ndi ulesi chabe.

Ndiye amalume, kwanuko kuli thanthwe louma, lopanda makoswe, kutali ndi nyanja? Ngati lilipo, ndiyankheni msanga ndibwere nawo. Za wanga ndi wa amayi, tidzakamba pamaso.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Makaio