Alamu anga asiyitsa amuna anga mankhwala a mtima

Aphungu,

Ndakwiya, ndipo ndisanalankhule mawu oti ndidzanong'oneze nawo bondo, ndati ndifunse kaye. Amuna anga ndi telala. Adokotala atawapeza ndi vuto la mtima, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse thupi. Anayesetsadi, mpaka mathalauza awo anachita kuwabweza okha m'chiuno. Koma tsopano njala sikuwachoka. Dzulo ndinapeza buledi m'kabati ya makina osokera, pansi pa ulusi.

Achemwali awo atamva za njalayi anaseka: "Achimwene, dyera limeneli munatengera ndani?" Kenako anabweretsa makapisozi amene amagulitsa. Akuti amapha ghrelin, homoni (mchere wa m'thupi) yoyambitsa njala, koma sagwirizana ndi mankhwala akuchipatala. Amuna anga asiyadi mankhwala a mtima aja. Nditafunsa, alamuwo anati, "Inu zanu n'zophika, zasayansi tisiyireni." Pabotolo la makapisoziwo palibe dzina la kampani, ngakhale zomwe zilimo. Kodi ndikulakwa?

Mayi E.N.

Mayi E.N.,

Simukulakwa, ndipo inenso zandipsetsa mtima. Ghrelin ilipodi. Imapangidwa m'chifu, imakwera nthawi yakudya ikayandikira, ndipo munthu akachepetsa thupi imakweranso, chifukwa thupi limafuna kubwezeretsa zomwe lataya. Kubisa buledi kuja si dyera, ndi thupi likulimbana nawo.

Koma zoti kapisozi wa m'chikwama cha alamu amaipha, ndi bodza. Akatswiri akhala zaka zambiri akuyesa kupanga mankhwala ochepetsa thupi potsekereza ghrelin, ndipo palibe amene avomerezedwa. Kafukufuku wina akusonyezanso kuti homoniyi mwina imateteza mtima. Si chinthu choti munthu azilonjeza kupha mwa mchimwene wake wodwala mtima.

Pitani ndi amuna anu kuchipatala lero, botololo lili m'manja, mukanene tsiku limene anasiya mankhwala. Za njalayo muwauzenso adokotala. Kunyumba azidya pa nthawi yake zakudya zokhalitsa m'mimba monga mazira, nyemba ndi masamba, ndipo azigona mokwanira, poti kusowa tulo kumakwezanso njala. Za buledi uja musawanyoze. Alamuwo musakangane nawo, ingowapemphani akafotokozere adokotala okha za makapisoziwo.

Chenjezo langa ndi ili: amuna anu akamva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kutupa miyendo, musadikire kuti abale agwirizane kaye. Thamangani nawo kuchipatala. Alamu akakwiya adzapola, koma mtima ukaima sudzukanso.

Aphungu