Bokosi la Singano la Keziah

Lolemba, 14 Okutobala

Sindinagone. Ana ndawauza pa foni kuti ndi msana. Bodza. Ndi makalata aja.

Ndiyambe ndi tchimo langa. Loweruka ndinatenga bokosi la singano la Keziah Ostrander ku nyumba yosungira mbiri ya tauni, osapempha. Ndimangofuna kusoka kansalu ka m'kati kamene kanang'ambika, poti pa 26 ndi tsiku lathu la kumanda, ndipo bokosilo ndi limene ndimanyamula. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuima pa manda a Keziah nditavala diresi lakuda, alendo akudutsa m'magulu kudzamva "akufa" tikufotokoza moyo wathu. Zonena zanga n'zochepa: "Ndinali mkazi wa abusa. Ndinabereka ana asanu ndi awiri, ndinaphika buledi, ndinakhala chete." Anthu amamwetulira n'kusuntha mapazi asanu kupita kwa a Duane, amene amakhala abusa Lemuel Ostrander. Iwo mphindi khumi ndi zisanu zathunthu, ndi ndevu zawo zomata ndi guluu.

Pansi pa kansaluko panali makalata atatu a 1854, amene Keziah analembera mchemwali wake, koma sanawatumize. Imodzi ikuti: "Ulaliki wotsegulira sukulu uja ndinalemba ndine, mwana ali ku bere. Lemuel anauwerenga bwino, anthu mpaka misozi. Koma anadumpha pamene ndinatchula atsikana."

Mawu ali pa khoma la sukulu yathu aja! Tonse tinawaloweza tili ana: "Wotsekera mwana buku watsekera Mulungu chitseko." Keziah analemba kuti "mwana, wamwamuna kapena wamkazi." Ndipo sukuluyo inatha zaka makumi awiri ikulandira anyamata okhaokha.

Ndiye ameneyo ndiye mutu waukulu wa tauni yathu. Kutenga nzeru za mkazi, n'kuchotsamo akazi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndadutsa pa chifanizo cha Lemuel pokagula mkaka. Ndamunyoza mumtima. Mundikhululukire Ambuye, koma mawa ndidutsanso pomwepo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Msonkhano wa komiti m'chipinda chapansi ku tchalitchi. Khofi wozizira, madonasi ouma. Ndawerenga kalata ija mokweza.

Mayi Pruitt, wapampando wathu, funso lawo loyamba: "Arlene, mapepalawo munawagwira opanda magolovesi?"

Magolovesi! Munthu wafufutidwa mu mbiri, iwo nkhawa ili pa zala zanga.

Kenako akuti timabuku ta mwambo tasindikiza kale. Akuti anthu amabwera kudzaona masamba a mitengo atafiira nyengo ino ndi kumwa madzi otentha a maapozi, osati kudzamva kuti tate wa tauni anali wakuba. Ine sindinanene kuti wakuba. Ananena okha.

A Duane kuseka mpaka shuga wa donasi kugwera pa malaya. "Iii, mkazi wanga wa kumanda wayamba kuyankhula! Zaka zonsezi uli phee, lero wakudzutsa ndani?"

Ine: "Ndevu zanuzo n'zomata, a Duane. Kani nzeru za abusa anuwo zinalinso zomata."

A Duane n'kuyamba kutakasa khofi wawo.

Chigamulo cha mayi Pruitt: nkhaniyi "aiona bwino chaka chamawa." Pa 26 ndinene zanga zakale zija, osaonjezera ngakhale liwu limodzi. Apo ayi, diresi apatsa wina. Bokosi ndabweza pomwepo. Makalata ali m'Baibulo langa, pa Miyambo. Tchimo lachiwiri, ndikudziwa.

Diresi limenelo ndinasoka ndekha, nyengo yachisanu imene Harold wanga anamwalira. Ndikalivala m'pamene ndimamva kuti m'tauni muno ndilimo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndakhala ndikukalipira munthu woti anafa kalekale, koma lero potsuka mbale ndazindikira chimene chikundiotcha.

Zaka makumi atatu Harold anali mkulu wa mpingo. Mawu onse amene ankayankhula kutsogolo, pa maliro, pa maukwati, ndinkalemba ine pa tebulo la kukhitchini lomweli. Iye ankangoti, "Lembako zija, iwe umatha." Pa maliro ake abusa anati, "Bambo uyu anali ndi lilime lagolide." Ine n'kugwedeza mutu. Harold sanali woipa, sanachotsepo kanthu pa zolemba zanga. Komanso sananenepo, ngakhale kamodzi, ngakhale kwa ana.

Choipa kwambiri n'changa. Ku Sande Sukulu ndauza atsikana angati kuti akhale ngati Keziah, wofatsa, wosafuna kuoneka? Ndinkawaonetsa bokosi lomwelo, makalata ali m'katimo, ine osadziwa. Ndinkawaphunzitsa kukhala chete ndi pakamwa pa munthu amene anakuwa papepala.

Ambuye, kodi uku n'kudzikuza? Ndikufuna chilungamo cha Keziah kapena changa? Sindikutha kuzilekanitsa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Mayi Pruitt akhala benchi lina. Potuluka ndamva wina akuti, "Ukalamba wayamba kumusokoneza." Ndili ndi zaka 68, mano onse ndi anga.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Kuyeserera kumanda, masana. Mphepo. Ndinafika msanga, ndapeza galimoto la a Duane lilipo kale. Iwo ataima pakati pa miyala iwiri ya pamanda ija, ndevu zili m'jumbo. Mwala wa Lemuel umawapitirira mutu. Wa Keziah umalekeza m'bondo mwanga.

"Tabweretsani ndione," anatero, osandiyang'ana.

Ndawapatsa kalata ija. Awerenga, abwerezanso, magalasi ali pa nsonga ya mphuno.

"Amayiwa ankalemba bwino. Bambowa zolemba zawo ndinazionapo, ngati papalasa nkhuku." Kenako: "Anadumpha pati?"

Ndawalozera. Akhala nthawi yaitali chala chili pamenepo. Ndimayembekeza nthabwala. Sinabwere. Angoti mayi awo anatulutsidwa sukulu ali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri kuti azikama ng'ombe, alongo awo aamuna n'kupitiriza. Basi, n'kuyamba kumata ndevu.

Poyeserera ine ndanena za buledi zija, mano ali gwa. Iwo anayamba bwino, dzanja m'mwamba monga mwa chaka chilichonse. Atafika pa "Wotsekera mwana," anaima. Mayi Pruitt kuwakumbutsa: "Buku, Duane, buku!" Ngati angaiwale mawu amene anena zaka khumi ndi zisanu. Anamaliza ndi mawu apansipansi.

Potsanzika sanati mkazi wanga wa kumanda. Anati, "Pitani bwino, Arlene."

Ndasiya kapepala pa galasi la galimoto lawo. Ndikukopera pano kuti mawa ndisadzakane:

"A Duane, Loweruka mukafika pa mawu aja, mutseke pakamwa, mutembenukire kwa ine, ndiwanene onse monga anawalembera mwini wake. Mukakana ndiwanenabe, andivule diresi pamaso pa alendo. Ndiyankheni pofika Lachinayi, ndidziwe ngati Keziah ayankhule mwamuna wake akumvetsera, kapena akumudulanso."