Zinha wadwala ine ndili kothamanga

Lachitatu madzulo, Tsangano. Tsiku la lero landilemera.

Ndinadzuka tambala atangolira kuti ndithamange makilomita dez, khumi athunthu, ndisanapite kukaphunzitsa, poti kwatsala masabata atatu kuti mpikisano wa ku Tete uchitike. Pobwera ndinapeza apongozi atanyamula mwana wanga Zinha, thupi lili moto.

"Wakhala akukuitanani, inu muli pamsewu ngati mtsikana wosakwatiwa," anatero.

Ndinatenga mwanayo m'manja mwawo. Ndinamubereka n'kupita naye kuchipatala thukuta lisanaume. Akuti ndi malungo. Kusikola ndinafika mochedwa, ndipo a diretori anangoyang'ana wotchi yawo.

Bambo ake a Zinha andifunsa modekha kuti, "Mawa mupitanso kothamanga?" Ndati sindikudziwa. Mwana wamwa mankhwala, wagona. Alamu sindinaithimitse, koma ndikadzuka n'kupeza akutenthabe thupi...