Chimene Chinamuchedwetsa Yotamu Kunyanja

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Mwatipa anachira bwino ku Tamanda, mwana wake ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chikumasula, koma nshawa za kumunda wakudambo zabereka, mbewu yake ndi ija munasunga m'chigubu kuseri kwa chitseko. Mbuzi yanu yamawanga inalowa m'thonje la aneba, tinakapepesa, nkhani inatha.

Tsopano chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe: Yotamu wabwera.

Pamaliro anu mwana wanu wotsirizayu panalibe. Inu simunaone mmene anthu ankatembenukira kumsewu minibasi iliyonse ikaima. Ine ndinamusungira mkwiyo chaka chonse. Akaimba foni ndinkangopatsa ana. Amalume ananena pamaso pa anthu kuti mwana wosankha madzi kusiya amake asadzapondenso pakhomo pano.

Anafika Loweruka pa basi ya ku Lusaka, atawonda. M'nyumba sanalowe. Anakhala pansi pa mango paja munkaswera nshawa, nati, "Asisi, ndiperekezeni kwa amayi."

Kale munkandifunsa kuti kodi mlongo wakoyu amagwira ntchito yanji kwenikweni, ine n'kumangoti ndi injiniya. Panjira yakumanda wandifotokozera, ndiye ndikuuzeni. Ku chilumba chimene amakhala, ku Ulaya, anthu amapanga makina oyandama panyanja yamchere. Mafunde akamawakankha uku ndi uku, makinawo amatulutsa magetsi. Yotamu sawapanga ayi. Iye ndi anzake amawayesa. Pali malamulo amene mayiko anagwirizana, akuti wopanga asadziyesere yekha, ndiponso makina asayesedwe panyanja yabata yokha. Akumane ndi mafunde aang'ono, komanso aakulu a nyengo ya mkuntho. Choyezera chikaima, nthawi imeneyo siwerengedwa, saloledwa kungoganizira. Ndinakumbukira mawu anu a pamsika, aja akuti khasu sagula pomvera wosula, amayamba alitema pansi.

Akuti pamene ndinamuimbira kuti mwadwalika, anali atadikira mkuntho waukulu miyezi yambiri, ndipo unali pafupi. Mnzake wodziwa zoyezerazo anali m'chipatala. Iye akanachoka, anthu onse akanadikiranso chaka china.

"Ndinati ndikhale mpaka udutse," anatero. "Amayi anadwalapo kangati n'kudzuka? Ndinayesa adzukanso."

Mkuntho utafika, maboti ndi ndege zonse zinaima. Uthenga wa imfa yanu unamupeza ali m'kachipinda akuyang'anira zoyezera, njira yotulukira pachilumbapo palibe.

Ndinamufunsa, "Nanga makinawo anapambana?"

"Ayi. Unyolo umodzi womangira makinawo unaduka, madzi analowa m'kati. Tinalemba kuti sanakwanitse."

Amayi, ndinaima panjira pomwepo. Ndinati, "Ndiye unalephera kuika amako m'manda chifukwa cha chinthu cholephera?"

Sanadziteteze. Anangoti eni makinawo anali okonzeka kuwagulitsa ku zilumba zina za asodzi osauka, ndipo anthu akanamakwerapo kukakonza, akukhulupirira kuti ndi olimba. Kenako anati, "Koma zimenezo sizibweza amayi, asisi. Ndikudziwa."

Kumanda anagwada nayamba kuzula udzu ndi manja. Ndinamupatsa khasu, anakana. Anazula mpaka zala zinachekeka. Ine ndinkadikira kuti mtima wanga ufewe, koma ndisakunamizeni, sunafewe msanga. Chimene ndinaona n'chakuti amazula mmene munkazulira inu, kukutumula dothi kumizu asanataye udzuwo. Pamenepo ndinagwada mbali inayo, tinamalizira limodzi.

Amalume anabwera mawa lake titachoka ku Misa. Yotamu anawalonjera atagwada, iwo anayang'ana kumbali. Kenako amalumewo anafunsa ngati nyanjayo ili ndi tsidya looneka. Yotamu anati ayi. Amalume anapukusa mutu nati, "Mlongo wanga ankaopa ngakhale kuwoloka mtsinje wa Lutembwe ukadzaza, koma anabala mwana wotere." Sananene kuti amukhululukira. Madzulo anatumiza tambala woti timuphere.

Yotamu abwerera sabata yamawa. Eni makina akonza pamene panaduka, ndipo kuyesa kuyambiranso pachiyambi, monga malamulowo anenera. Ndinafuna kumuletsa, koma munkatiuza kuti mwana samumanga mwendo ngati nkhuku yachilendo. Ndamukazingira nshawa zanu zija, kaya amulola kulowa nazo kumeneko.

Amalume ankafuna kuti tiike mwala pamanda anu tikangogulitsa thonje. Ndawapempha kuti tidikire. Yotamu akuti nyengo yoyesa ikatha adzapempha tchuthi, ndipo ine ndasankha kumukhulupirira. Ndiye mutipirire, Amayi. Ndikulonjezani kuti mwalawo sitiika iye kulibe, ngakhale dzinja lina lidutse. Nsalu yophimba dzina lanu adzavundukula ndi iyeyo, ine nditaima pambali pake.

Gonani bwino. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu woyamba,
Esinati